ZA NKHUKU ZA M'DAMBO: KODI ZIYENERA M'PHIKA?

Kwa inu eni mbumba a ku Chikwawa, ndi onse akukhala m'mbali mwa Shire kufikira ku Chiromo ndi ku Nsanje.

Ambiri afunsa ngati mbalame zija zoyenda m'bango ndi pa masamba a nyika ziri ndiwo zeni-zeni, kapena kuzisaka ndi masewera a anyamata chabe. Tiyankha kuti zidyeka, ndipo zikoma ngati mai wa pa nyumba adziwa kuzikonza. Koma nyama yache njochepa, ndipo munthu wakusiya khasu m'dzinja kuti akazisake ataya pawiri, kumunda ndi kudambo komwe.

Mbalamezi ziri za mitundu ingapo, ndipo maina ao asiyana dera ndi dera. Ife tingoti nkhuku za m'dambo. Kalipo kakang'ono kakuda bii, ka miyendo yofiira ndi mlomo wachikasu, kamene mukaona m'mawa kakuthamanga pa matope. Iripo yokulirapo, ya chipumi chofiira, yodziwa kusambira. Yoposa zonse ndi ija yobiriwira ya mlomo waukuru wofiira, imene igwira chakudya ndi phazi ngati dzanja. Zonsezi ziri ndi zala zazitali zoyendera pa zomera zoyandama, ndipo thupi lao nlopyapyala m'mbali kuti zipite pakati pa bango ndi njedza. Zikhulupirira miyendo koposa mapiko. Chifukwa chache musayembekeze chidali chonenepa monga cha nkhunda: nyama yambiri iri m'ntchafu.

Tiyese tsono kulemera kwache. Kakuda kaja kalemera ngati magalamu 100 pamodzi ndi nthenga ndi matumbo omwe. Ya chipumi chofiira ifika ngati magalamu 300, ndipo yobiriwirayo ipitirira theka la kilogalamu. Mukachotsa nthenga, mutu, mapazi ndi za m'kati, chotsala nchaching'ono ndithu. Nkhuku imodzi ya m'khola ilingana ndi takuda khumi kapena kuposa. Komabe tisapeputse kanthu kochepa: mwana wodya nsima ndi masamba okha masiku onse apindula kwambiri ndi ntchafu ziwiri ndi msuzi wache.

Amene anena kuti mbalamezi zinunkha matope sanama, koma kawiri-kawiri cholakwa chiri pa makonzedwe. Kuno kuchigwa dzuwa nlaukali, ndipo mbalame yogona m'thumba ndi matumbo ache kuyambira m'mawa kufikira madzulo yaonongeka isanafike pamoto. Itumbuleni pomwepo mutaipha, nimuinyamule poyera kuti ipitidwe mphepo. Pofika kwanu musavutike ndi kusosola. Sendani khungu lonse pamodzi ndi nthenga, pakuti fungo likhala makamaka m'khungu ndi m'mafuta a pansi pache. Tsukani ndi madzi a pa mjigo, osati a m'dambo, nimuiviike m'madzi a mchere kanthawi, ndi kufinyirapo ndimu ngati alipo. Kuotcha pa makala kuiumitsa, makamaka yaikuru ija, imene ntchafu zache ziri ndi mitsempha yolimba. Njira yabwino ndiyo kuiphika pa moto wofatsa ndi anyezi ndi matimati kufikira nyama iyamba kulekana ndi fupa, ndi kutsira nsinjiro potsiriza, popeza mwasenda mafuta ache. Pasatsale kufiira pafupa. Popatsa ana ang'ono, yambani mwachotsa timafupa, chifukwa ntopyapyala ndi takuthwa. Zikachuruka, ziwazeni mchere ndi kuziwamba pa utsi monga muchita ndi mlamba.

Chachikuru choposa maphikidwe ndicho nyengo. Mbalamezi zambiri zimanga zisa madzi akadzala, m'miyezi ya mvula, ndipo mitundu ina ifika kuno nthawi yomweyo kudzaswa. Chisa chikhala chobisika m'udzu pamwamba pa madzi, ndipo tambala ndi thadzi athandizana kufungatira kwa masabata awiri kapena atatu. Wakukola thadzi m'mwezi wa February sanaphe mbalame imodzi ai; wapha ndi mazira atatu kapena asanu amene akadakhala ndiwo za mwezi wa July. Tidziwa kuti iyi ndiyo miyezi ya njala, pamene nkhokwe iri mbee, ndipo nkwapafupi kulangiza munthu uli wokhuta. Koma ndiyonso miyezi yopalira, ndipo tsiku lotayidwa m'bango silibwera. Nyengo yoyenera ndiyo mutakolola, madzi alikuphwa, anapiye atakula.

Taonani za ku nyanja ya Chilwa. Nyanjayo itaphwa m'chaka cha 1995 nsomba zinasowa, ndipo anthu ambiri anatembenukira ku mbalame. Akatswiri amene anawerenga m'zaka za 1998 ndi 1999 anapeza kuti mbalame zogwidwa pa chaka zinaposa 1,000,000, ndipo zambiri zinali za mtundu uno wa nkhuku za m'dambo pamodzi ndi abakha a kuthengo. Pambuyo pache alenje eni ache anapangana m'magulu, napatula malo ena osatcherako misampha. Ndipo kuno kwathu chitsanzo chiri pafupi. Pamene David Livingstone anakwera Shire m'chaka cha 1859 anaona njobvu ngati 800 m'dambo lalikuru la kumpoto kwa Chiromo, ndipo ndicho chifukwa litchedwa Elephant Marsh. Lero dzina lokha latsala, njobvu mulibe. M'chaka cha 2017 dambolo linalembedwa m'kaundula wa madambo ofunika a dziko lonse lapansi, pa pangano la Ramsar, monga Chilwa inalembedwa kale. Kutero sikuchotsa asodzi kapena alimi a madimba; pangano lifuna kuti anthu adye za m'dambo mosazitha.

Za masakidwe tinena mwachidule, pakuti mudziwa kutiposa. Khwekhwe lotchera m'tinjira tao ndilo labwino, ngati mwini aliyendera m'mawa ndi madzulo, nalichotsa akaleka kusaka. Kutentha bango kuti mbalame zituruke nkupusa: muononga zisa, muononga ndi bango lomwe la mphasa zanu. Koma choipitsitsa ndicho kusakaniza mpunga ndi mankhwala a makoswe kapena a thonje. Poizoni sakhala m'matumbo mokha, ndipo moto sumtha. M'phika wotere ukhoza kugoneka banja lonse. Mbalame imene mwaipeza yakufa yokha, kapena yofoka yosatha kuthawa, musaitole. Ikwirireni, ndipo nkhuku zanu zisayandikireko, pakuti mbalame za m'madzi zitenga chimfine chopha ziweto.

Kumbukiraninso kuti dambo liri ndi eni ache. Ng'ona ndi mvuu zapha anthu ambiri m'chigwa chino, ndipo m'madzi oima muli nkhono zofalitsa likodzo. Mwana asalowe m'bango yekha chifukwa cha kambalame ka magalamu 100. Akayamba kukodza magazi mupite naye kuchipatala msanga. Boma nalo liri ndi lamulo la nyama za kuthengo, la chaka cha 1992, limene linakonzedwanso m'chaka cha 2017 ndi zilango zowawa. Musanayambe kutchera zogulitsa pa msika wa ku Nchalo kapena ku Bangula, kaonaneni ndi amfumu ndi alonda a nyama, mufunse za chilolezo ndi za mitundu yoletsedwa. M'nkhalango ya Lengwe musatchere msampha wa mtundu uli wonse.