Ulendo wa Joseph Kamwendo, Woseŵera Pakati

Munthu woyenda pa njinga madzulo kuchokera pa Migowi kulinga ku Chiringa sangalephere kuona fumbi likukwera pa mabwalo a sukulu, pamene anyamata opanda nsapato akulimbirana mpira wachikulunga. Ambiri mwa iwo maso ao amakhala pa golo, pakuti womwetsa chigoli ndiye amene anzake amamnyamula pa mapewa. Koma pagulu lotere sipalephera kukhala mmodzi wofatsa, amene amaima pakati, nadzutsa mutu mpira usanamfike, naupereka kwa mnzake amene ali poyera. Makolo a mwana wotereyu, nkhani ino ndi yanu, chifukwa tsiku lina adzakukhalirani pa khonde ndi kunena kuti mpira wamuitana.

Ntchito ya woseŵera pakati ndi yolemetsa kuposa momwe imaonekera. Amalandira mpira kwa otchinga kumbuyo adani atamzinga, ndipo asanauponde n'komwe ayenera kukhala atadziŵa kale kumene upite. Timu ikaluza mpira, iye ndiye woyamba kubwerera kukaulanda. Pa mphindi 90, woseŵera pakati wa m'matimu akuluakulu amathamanga makilomita 10 kapena kuposerapo, koma dzina limene limamveka pa wailesi chigoli chikaloŵa ndi la munthu wina.

Mmodzi mwa ana a Malaŵi amene adaidziŵa bwino ntchito imeneyi ndi Joseph Kamwendo, wobadwa m'chaka cha 1986 mu mzinda wa Blantyre. Adatchuka ali wamng'ono m'timu ya Wanderers, imene otsatira ake amaitcha Manoma. Sanali wamtali kapena wojintcha. Chuma chake chidali m'maso ndi m'mapazi: ankatha kuutsitsa mpira wobwera ndi ukali, naukhazika pansi, naudutsitsa pakati pa adani aŵiri monga ulusi m'diso la singano.

M'chaka cha 2005 adali ku Harare, m'timu ya CAPS United imene inkaphunzitsidwa ndi Charles Mhlauri. Akuluakulu a kuno kwathu njira ya ku Harare amaidziŵa, pakuti agogo ambiri adaiyenda kukagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi mzindawo ukutchedwa Salisbury, ndipo ena sadabwerere. Mnyamatayu adapita ndi nsapato za mpira m'malo mwa khasu. Chaka chimenecho CAPS United idatenga ligi ya dziko la Zimbabwe, ndipo Kamwendo adasankhidwa kukhala woseŵera wopambana onse, mlendo woyamba kulandira ulemu umenewo. Anali ndi zaka 19 zokha.

Tsono apa mpamene achinyamata ayenera kutchera khutu, chifukwa ambiri amaganiza kuti munthu akangotuluka m'dziko ndi mbiri yotere, basi njira yonse ndi yotsetsereka. Kamwendo adapita ku Ulaya, ku timu ya FC Nordsjælland ya ku Denmark, dziko lozizira kumene nyengo yachisanu dzuŵa limaloŵa anthu asanaŵeruke ku ntchito. Sadakhalitseko. Kenaka adatengedwa ndi Orlando Pirates ya ku Johannesburg, imodzi mwa matimu otchuka kwambiri mu Africa. Ku Joni kudali kale mapazi a Amalaŵi: Ernest Mtawali, woseŵera pakati mnzake wa mbadwo wam'mbuyo, adali atasankhidwa kukhala katswiri wa chaka ku South Africa mu 1985 ali ku Bloemfontein Celtic. Koma timu yaikulu ili ngati nyumba ya ana ambiri mbale imodzi. Malo a m'bwalo ndi 11 okha, ndipo mlendo amene wadya ndalama za eni timu sapatsidwa nthaŵi yaitali yozoloŵera. Pambuyo pake adaseŵeranso ku Vasco da Gama ya ku Cape Town, timu yaing'ono poyerekeza ndi Pirates.

Pa zaka zomwezo ankabwera kudzavala malaya a Flames. Ndi mmodzi mwa anyamata amene Kinnah Phiri adapita nawo ku Angola mu January 2010, pamene Malaŵi adafika ku mpikisano wa chikho cha maiko a mu Africa kachiŵiri, atafikako koyamba mu 1984. Amene adali pafupi ndi wailesi pa 11 January sadzaiŵala tsikulo. Mu mzinda wa Luanda, Flames idathira Algeria zigoli 3 kwa duu, Algeria yomwe idali itapeza kale malo ku chikho cha dziko lonse chaka chomwecho. Zigoli adamwetsa Russell Mwafulirwa, Elvis Kafoteka ndi Davie Banda. Maseŵera aŵiri otsatira, ndi Angola ndiponso Mali, tidagonja, tidabwerako.

Ulendo udapitirira kuloŵa ku Mozambique, ku timu ya Liga Muçulmana. Ife a ku Phalombe tikamva za Mozambique timaganiza za kutsidya kumene timakasuma chimanga pa njinga, kumene Chilomwe ndi Chicheŵa zimamveka. Maputo si Milange ayi. Ndi mzinda wa kutali kum'mwera, wa m'mbali mwa nyanja yamchere, kumene mphunzitsi wa timu amakalipa m'Chipwitikizi. Kuchoka kumeneko adatengedwa ndi TP Mazembe ya ku Lubumbashi m'dziko la Congo, timu ya Moïse Katumbi, imene idatenga chikho cha matimu a mu Africa mu 2009 ndi 2010, ndi kufika mu ndime yomaliza ya chikho cha matimu a dziko lonse mu 2010. Kuitanidwa ndi timu yotere ndi ulemu waukulu ndithu. Komabe akatswiri kumeneko adali ochuluka, malo okhazikika sadapezeke, ndipo adambwereketsa ku Don Bosco, timu ina ya mumzinda womwewo.

Ŵerengani maikowo: Zimbabwe, Denmark, South Africa, Mozambique, Congo. Kulikonse chilankhulo china, chakudya china, mphunzitsi wina woyenera kumkhutiritsa kuyambira pachiyambi. Ndipo uyu ndi mmodzi mwa amene zidaŵayendera bwino koposa. Ine ndiona kuti kholo limene limaletseratu mwana mpira limalakwa, koma limene limamlola kutaya makope chifukwa cha mpira limalakwa koposa, pakuti bondo likhoza kuthyoka Loŵeruka limodzi, mgwirizano n'kuthera pomwepo. Makolo adziŵenso kuti malamulo a FIFA salola kuti mwana wosafika zaka 18 asamutsidwire ku timu ya dziko lina, kupatula pa zifukwa zoŵerengeka, ndiponso kuti kusamuka kulikonse koona kumadzera ku bungwe la FAM, limene limapereka kalata yomasula woseŵera. Munthu wobwera pa mudzi ndi chikwama, nanena kuti gulitsani mbuzi kapena nandolo mumpatse ndalama ya ulendo wa mwana wanu, mufunseni za kalata imeneyi.

Kamwendo, amene adakhalaponso kaputeni wa Flames, potsiriza adabwerera kumene adayambira. Liŵiro la unyamata lidali litayamba kuchepa, koma maso adali akadali omwe aja, ndipo anyamata a Manoma adapeza pakati pao munthu wodziŵa nthaŵi yofulumiza mpira ndi nthaŵi youziziritsa. M'chaka cha 2017, iye ali ndi zaka 31, Wanderers idatenga ligi ya Malaŵi, imene idaitenga komaliza mu 2006.