Masokosi a nayiloni: amayi adawalimbirana, kenako adawavula

Pa 15 May 1940 amayi adadzaza m'masitolo a ku America kuyambira m'mamawa. Chimene ankalimbirana chinali kanthu koti n'kufumbata m'dzanja limodzi: masokosi aatali, opyapyala mpaka kuonetsa khungu, oluka ndi ulusi watsopano wa nayiloni. Ulusiwu adaupanga ndi Wallace Carothers ndi anzake ku kampani ya DuPont mu 1935. Kale konse mayi wofuna kutchena motere ankagula masokosi a silika, odula kwambiri, ndipo silikayo wambiri ankachokera ku Japan. M'chaka choyamba chokha, mapeya 64 miliyoni adagulidwa.

Chisangalalocho sichidakhalitse. America italowa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, nayiloni adamutengera ku maparachuti, zingwe ndi matayala a ndege. Apa ndiye mumvetse mmene chovalachi chidalowera m'mitima. Amayi adayamba kudzola miyendo mafuta ofiirira, n'kujambula kamzere kumbuyo kwa katumba ndi pensulo ya nsidze, kuti woona aziyesa msoko wa sokosi. Kutuluka m'nyumba miyendo ili pamtunda masiku amenewo kunali kudzichotsa ulemu. Nkhondo itatha, mumzinda wa Pittsburgh amayi pafupifupi 40,000 adandanda pamzere kudikira mapeya 13,000 okha, ndipo m'mizinda ina ndewu zidabuka m'masitolo.

Mu 1959 Allen Gant wa ku Glen Raven Mills, ku North Carolina, adatulutsa pantyhose, masokosi olumikizana mpaka m'chiuno, osafunanso timalamba tokoleka. Posakhalitsa Mary Quant adatchukitsa masiketi aafupi ku London, ndipo ziwirizi zidayendera limodzi. Kwathu kuno siketi yomweyo idakumana ndi lamulo la 1973 loletsa amayi kuvala zazifupi ndi mathalauzi, lomwe lidatha pomwe dziko linkalowa m'ndale za zipani zambiri. Komabe mu January 2012 amayi ena adavulidwa m'misewu ya Lilongwe ndi Blantyre chifukwa cha thalauzi, anzawo n'kuchita zionetsero. Choncho nkhani ya amene amalamula chovala cha mayi si yachilendo m'makutu mwathu.

Kumaiko a azungu, chimene chidayamba ngati chinthu chosiririka chidasanduka lamulo. Mabanki, maofesi ndi makampani a ndege ankafuna mayi aliyense avale masokosi, kaya kunja kukutentha chotani. Ndipo masokosiwa sachedwa kutha: chikhadabo chikangokola, ulusi umasololoka kuchokera pabondo mpaka kuchidendene, ndalama n'kupita. Ine ndimaona kuti chidawatopetsa amayi si nayiloniyo ayi, koma kuuzidwa ndi bwana amene sadayambe wamva kufinya kwake. M'zaka za m'ma 1990, maofesi atayamba kufewetsa malamulo a kavalidwe, malonda ake adatsika. Mu 2008 Michelle Obama adanena pa pulogalamu ya The View kuti adaleka kalekale kuwavala chifukwa amapweteka komanso amang'ambika. Patangopita zaka zitatu, Catherine, mkazi wa Prince William, ankaoneka nawo pagulu, ndipo atsikana ena adawakondanso.

Panalinso chilema china chimene opanga adachilekerera kwa zaka zambiri. Masokosi amene ankati ndi ofanana ndi khungu ankafanana ndi khungu la mzungu basi. Mayi wakuda wogwira ntchito mu ofesi ku London, akafuna kutsatira lamulo la pantchito, ankayenda ndi miyendo yotuwa yosiyana ndi nkhope yake. Ade Hassan, mayi wa ku Britain wamakolo a ku Nigeria, adatopa ndi kufufuza m'masitolo osapeza wake mtundu. Mu 2014 adatsegula kampani ya Nubian Skin, n'kuyamba kugulitsa masokosi ndi zovala zam'kati m'mitundu inayi ya khungu lakuda.