Namapopa wachikondi anakwiyitsa makasitomala ku America

Inu a pamsika mumalidziwa lamulo lija: katundu akagulidwa sabwezedwa. Koma ku America mu 2008 owerenga ena anakana zimenezo, nkhani yake buku la namapopa.

Mayi Stephenie Meyer anayamba nthanoyi mu 2005 ndi buku la Twilight. Mtsikana Bella anakopeka ndi Edward, mnyamata wooneka bwino koma womwa magazi. Atsikana anapenga naye Edward ameneyu.

Buku lachinayi, Breaking Dawn, litatuluka mu Ogasiti 2008, makope 1.3 miliyoni anagulidwa tsiku limodzi. Atawerenga, ena mtima unawawa. Bella anakwatiwa, kutenga pathupi, kuchira movutikira, naye n'kusanduka namapopa. Nkhondo ndi a Volturi, yomwe anthu ankaidikira, inathera pokambirana basi. Chonyansa kwa ambiri, Jacob, yemwe Bella anamukana, mtima wake unakodwa ndi khanda la Bellayo.

Okwiya anamemana pa intaneti kuti bukulo asaliwotche, akalibweze kusitolo atengeko ndalama zawo. Ena analiikira kumbuyo.

Kuno kwathu dzina loti namapopa si loseweretsa. Mu 2017 mphekesera zake zinaphetsa anthu ku Mulanje ndi ku Blantyre. Anzathu amakanganirana wa m'buku, ife tinaika maliro enieni.