Mapazi Amene Foni Imasiya



Makolo athu anali ndi mwambi wakuti, "Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata." Anali kunena kuti phazi la mlendo liribe mlandu, pakuti mvula ikagwa lafafanizika, koma mau oipa amene munthu wasiya pamudzi wa eni amakumbukika. Masiku ano kwabwera mapazi a mtundu wina amene mvula siifafaniza, ndipo iwowa amamtsata mwini wace. Ndiwo mapazi amene foni ya m'manja ndi intaneti zimasiya.

Tiyeni tiyambe ndi foni wamba ya mabatani. Kuti foni ilire pamene wina akuimbirani, iyenera kumalankhulana nthawi zonse ndi nsanja ya citsulo imene iri pafupi nayo. Amalume anu akakwera basi ku Lusaka kunka ku Chipata, foni yao imatsazikana ndi nsanja za mu Lusaka nipereka moni kwa za ku Chongwe, kenaka za ku Nyimba, Petauke ndi Katete, ngakhale amalumewo ali mtulo ndipo sanaimbire munthu ali yense. Kampani ya foni imaona ulendo wonsewo m'makompyuta ace. Tsono popeza muno m'Zambia bungwe la ZICTA limalamula kuti SIM kadi iri yonse ilembetsedwe ndi dzina ndi citupa ca mwini wace, mapaziwo ali ndi dzina. Izi pa zokha si zoipa ai. Popanda nsanja kudziwa kumene muli, foni ikanakhala cidole cabe.

Foni zoyenda ndi intaneti zimasiya mapazi ambiri koposa. Ziri ndi GPS imene imadziwa malo amene mwaima, ziri ndi kamera, ndiponso zimasunga maina ndi manambala a abale anu onse. Kodi munayamba mwadzifunsa cifukwa cace Facebook, WhatsApp ndi YouTube satilipiritsa? Timagula mabando ku kampani ya foni, inde, koma eni ace a Facebook sitiwapatsa ngakhale ngwee imodzi. Kampani ya Meta, imene ndiyo mwini wa Facebook, Instagram ndi WhatsApp, imapeza pafupifupi ndalama zace zonse mwa kusatsa malonda a anthu ena. Wamalonda amalipira bwino ngati cithunzi ca nsapato zace cionetsedwa kwa munthu amene akufunadi nsapato, motero kampani imayesetsa kudziwa zaka zanu, kumene mukhala, zimene mumakonda ndi zimene munayang'ana dzulo usiku. Masamba ambiri a pa intaneti amasiya m'foni mwanu tizizindikiro tochedwa cookies, tina mwa ito n'tokuzindikirani mukafika pa tsamba lina. Mai wogulitsa kapenta pa msika wa Soweto amadziwa nkhope za makasitomala ace, ndipo palibe wodandaula. Koma mukanamva bwanji akanatuma mwana kuti akulondoleni kucigayo, kucipatala mpaka kunyumba, akulemba zonse m'kabuku?

Mverani zimene zinacitika ndi kampani ya Strava, imene pulogalamu yace imathandiza othamanga kuyeza mtunda umene athamanga. Mu November 2017 kampaniyi inatulutsa mapu a dziko lonse oonetsa njira zimene anthu ace amathamangamo. Pamene pamadutsa anthu ambiri panali kuwala, pamene sipadutsa munthu panali mdima. Maina a anthu sanalembedwe pa mapuwo. Mu January 2018 mnyamata wina wa pa yunivesite ku Australia, Nathan Ruser, anaona timizere towala pakati pa mdima wa m'zipululu za Syria ndi Afghanistan. Anali asilikali a maiko akunja, amene anali kuthamanga mozungulira misasa yao atabvala tizipangizo toyeza mtunda. Mapazi ao anajambula mipanda ndi miseu ya misasa imene akuluakulu ao sanafune kuti idziwike. Palibe msilikali amene anaulula cinsinsi ndi pakamwa. Phazi la munthu mmodzi silinena zambiri, koma mapazi a masiku ambiri akaunjikidwa pamodzi amasimba nkhani yonse.

M'caka comweco ca 2018 munamvekanso mlandu wa kampani ya ku Britain yochedwa Cambridge Analytica. Anthu pafupifupi 270,000 anayankha mafunso onga sewero pa Facebook, ofuna kuwauza khalidwe lao. Pulogalamu ya mafunsoyo inatenga mbiri ya oyankhawo pamodzi ndi ya abwenzi ao amene sanafunsidwe n'komwe, kotero kuti anthu okhudzidwa anafika mwina 87 miliyoni. Mbiriyo inaperekedwa kwa kampani imene nchito yace inali kukopa anthu pa masankho. Mu 2019 boma la America linalipiritsa Facebook madola mabiliyoni 5. Ana inu, gwirani mfundo iyi: cinsinsi ca mnzanu ciri m'manja mwanu monga momwe canu ciriri m'manja mwace.

Tsono tibwere ku maboma. Mu 2013 Edward Snowden, amene anali kugwirira nchito bungwe la akazitape la America lochedwa NSA, anaulula kuti bungwelo linali kusonkhanitsa mbiri ya mafoni a anthu mamiliyoni ambiri amene sanali kuganiziridwa mlandu uli wonse. Mu pulogalamu imeneyo silinali kumvetsera mau. Linali kulemba amene waimba, amene waimbiridwa, nthawi yace ndi kutalika kwa kuceza. Ganizani za kalata ya ku positi: mau ali m'kati, koma pa envulopu pali dzina, keyala ndi cidindo ca tsiku. Wina anganene kuti envulopu ndi yacabe. Komatu munthu akaona kuti mai wina waimbira kucipatala katatu, kenaka waimbira mlongo wace pakati pa usiku, m'mawa mwace waimbira abusa, wadziwa kale kuti m'nyumbamo muli matenda. Anthu a ku America anakangana kwambiri pa nkhaniyi, ndipo mu 2015 nyumba yao ya malamulo inasintha lamulo kuti ithetse kusonkhanitsa kotereku. WhatsApp, kuyambira mu 2016, imatseka mauthenga kotero kuti owerenga ndi wotumiza ndi wolandira okha, koma za pa envulopu kampani imazionabe.

Boma liri ndi nchito yogwira akuba, obera anthu ndalama pa foni ndi ozunza ana, ndipo nthawi zina nchitoyo imafuna kulondola foni. Funso lalikulu ndi lakuti, ndani apereka cilolezo, ndipo ndani ayang'anira wolondolayo? Malamulo akulu a dziko lathu, pa ndime 17, amateteza munthu kuti iye kapena katundu wace asafufuzidwe wamba. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa Data Protection Act, lamulo limene lipatsa munthu ufulu wofunsa kampani zimene ikusunga za iye, wokonzetsa zolakwika, ndipo pa zifukwa zina wofafanizitsa. Za mwana, kholo kapena womlera ndiye amuimira. Mu April 2025 malamulo awiri atsopano, Cyber Security Act ndi Cyber Crimes Act, analowa m'malo mwa lamulo lina la 2021. Boma linati malamulowa ndi oteteza anthu ndi kuti wofuna kumvetsera foni ya munthu ayenera kupempha cilolezo ku khoti. Bungwe la maloya la Law Association of Zambia ndi mabungwe ena anadandaula kuti ndime zina zipereka mphamvu zoculuka ndipo zingaopseze atolankhani ndi otsutsa. Mkangano wotere ndi woyenera m'dziko la ufulu, pakuti lamulo limene lalembedwa lero lidzagwiritsidwa nchito ndi maboma amene sitinawaone.

Mwina wina afunsa kuti, "Ine sindinabe kanthu, ndibisirenji?" Kodi pamene makolo anu akuletsani kulowa kucipinda kwao, ndiye kuti asungako katundu wakuba? Pa tsiku la masankho munthu amalowa yekha m'kacipinda kobvotera. Sacita manyazi ndi voti yace, koma lamulo lifuna kuti asaope munthu posankha. Munthu amene adziwa kuti akuyang'aniridwa amaleka kufunsa mafunso, ngakhale mafunso abwino.

Nanga ife ticite ciani? Ambiri a inu mulibe foni zanu, mumabwereka za amai kapena za akulu anu, ndipo Facebook yomwe silola mwana wosafika zaka 13. Mukabwereka foni musalowetsemo masewero popanda kupempha mwini wace. Sewero likapempha kuona manambala a m'foni, zithunzi kapena malo amene muli, funsani kuti lifuna kucita nazo ciani. Toci ya pa foni siisowa kudziwa maina a abale anu kuti iwale. GPS muizimitse pamene simukuifuna. Nambala ya cinsinsi yotsegulira foni kapena ya ndalama za pa foni isakhale caka cobadwa kapena 1234, ndipo isauzidwe munthu, ngakhale woimba foni amene akuti ndi wa ku kampani. Cithunzi ca mnzanu musacitumize asanabvomere, makamaka ngati wabvala yunifomu, pakuti yunifomu imanena sukulu, ndipo sukulu imanena kumene mwanayo amapezeka m'mawa uli wonse.

Aphunzitsi, mau awa ndi anu. Pepala la zotsatira za mayeso lokhala ndi maina a ana onse likajambulidwa ndi kuponyedwa m'gulu la WhatsApp la makolo, simungalibwezenso, ndipo mwana amene anali wothera angalipeze likuyendabe atakula. Kholo liri lonse lilandire za mwana wace yekha. Cimodzimodzi zitupa za makolo ndi makadi a kucipatala a ana: zikhale m'kabati yokhoma, zisakhale m'foni imene ana anu a kunyumba amaseweretsa. Foni ikapempha kukonzanso mapulogalamu ace, iloleni, cifukwa ndimo amatseka ziboo zimene akuba apeza. Zonsezi zimacepetsa mapazi opita ku makampani. Mapazi opita ku nsanja simungawabise foni iri yoyaka, ndipo amenewo amatetezedwa ndi malamulo ndi makhoti okha.

Phunziro likatha, jambulani pa bolodi mseu wocokera kusukulu kwanu kufika ku tauni ya pafupi, muikepo nsanja zitatu. Mwana mmodzi akhale foni, atatu akhale nsanja, wina akhale kalaliki wa kampani wolemba nthawi imene foni yadutsa pa nsanja iri yonse kwa masiku asanu. Kenaka kalasi liwerenge kabuku ka kalalikiyo, liyese kunena kumene mwini foni amagona, kumene amagwira nchito, ndi tsiku limene sanapite kunchito.