Cigamba ndi Malaya Atsopano m'Kompyuta

Kompyuta iri yonse iri ndi pulogalamu yaikuru yolamulira nchito zace zonse, monga Windows. Amene anaipanga amaitumizira zinthu za mitundu iwiri, zimene anthu ambiri amazisokoneza.

Coyamba dzina lace ndi update, ndipo cifanana ndi cigamba cosokedwa pa malaya ong'ambika. Akatswiri akapeza cibowo cimene mbala zingalowerepo, amatumiza cigamba cakutseka. Cigamba ncacing'ono, koma kucinyalanyaza nkoopsa. M'mwezi wa Marichi 2017 a Microsoft anatumiza cigamba cotere, koma ambiri anazengereza kuciika. M'mwezi wa Meyi kacirombo kochedwa WannaCry kanalowera pa cibowo comweco, kanatseka makompyuta m'maiko ambiri, kotero kuti zipatala zina za ku Britain zinabweza odwala. Cifukwa cace Windows amaika yekha zigamba osayembekeza mwini wace. Mwiniyo akhoza kusankha nthawi yakuti kompyuta izime ndi kuyakanso, kapena kuimitsa zigambazo masabata owerengeka, koma si nzeru kuzikaniratu.

Caciwiri ndico upgrade, ndiwo malaya atsopano enieni, monga kucoka pa Windows 10 wa 2015 kunka pa Windows 11 wa 2021. Malayawa sakwana yense: makompyuta ambiri akale alibe ziwalo zofunika. Wocenjera amayamba wasunga makalata ndi zithunzi zace kwina asanabvomere. Komabe malaya akale sasokedwa kosatha, pakuti pa 14 Okutobala 2025 a Microsoft analeka kutumizira anthu onse zigamba za Windows 10.