Mausi Yopanda Waya ndi Nkhani ya Batire Lake

Nkhani ya lero ikunena za kachipangizo kakang'ono kokwana m'dzanja limodzi, kamene kautsa mtsutso waukulu pakati pa anthu okonda maseŵero a pa kompyuta. Kachipangizoka ndi mausi, dzina limene m'Chingerezi limatanthauza mbeŵa. Munthu akamaiyendetsa patebulo, kamuvi ka pagalasi la kompyuta kamatsata dzanja lake. Mtsutso wake wagona apa: popeza mausi yaleka kuyendera waya, kodi mphamvu yake izichokera m'batire limene mwiniwake angathe kuchotsa ndi kuikamo lina, kapena m'batire lotsekeredwa m'kati limene amangolitchaja likatha? Funsoli likuoneka laling'ono, koma yankho lake likukhudza ndalama za wogula, zaka zimene chipangizocho chidzagwire ntchito, ndiponso zinyalala zimene chidzasiye chikadzatha.

Mausi yoyamba idapangidwa m'chaka cha 1964 ku Stanford Research Institute, m'chigawo cha California ku America. Amene adaiganiza ndi Douglas Engelbart, ndipo mnzake Bill English ndiye adaikonza. Idali kabokosi kathabwa kokhala ndi timagudumu tiŵiri kunsi kwake, ndipo waya wake ndiwo udakumbutsa anthu za mchira wa mbeŵa. Engelbart adaionetsa kwa anthu ambiri mumzinda wa San Francisco pa 9 Disembala 1968. M'chaka cha 1991 kampani ya Logitech, yochokera ku Switzerland, idatulutsa mausi yolankhulana ndi kompyuta mwa mafunde a wailesi. Mchira udaduka, koma padabadwa vuto lina, pakuti waya uja sunkangonyamula uthenga wokha, unkanyamulanso magetsi. Kuyambira pamenepo mausi idayenera kusenza yokha chakudya chake.

Kuti nkhaniyi imveke bwino, nkofunika kudziŵa kumene mphamvu ya batire imapita. Kunsi kwa mausi kuli kadiso kamene kamajambula tebulo kambirimbiri pa sekondi iliyonse, ndipo poyerekeza chithunzi china ndi chinzake kamadziŵa kumene dzanja laloŵera. Uthengawo umaulutsidwa pa mafunde a 2.4 GHz kupita ku kachipangizo kolandirira kamene kasomekedwa pa kompyuta. Chotero mausi yopanda waya ili ngati nyumba youlutsira mawu yaing'ono, yokhala ndi womvera mmodzi yekha. Mausi ya muofesi kaŵirikaŵiri imatumiza uthenga maulendo 125 pa sekondi imodzi, pamene ya maseŵero imatumiza maulendo 1,000, ndipo zina zatsopano zimafika maulendo 8,000. Kulankhula kosapumira koteroko kumadya batire. Mwachitsanzo, kampani ya Razer idalengeza kuti mausi yake yotchedwa Viper V3 Pro, ya m'chaka cha 2024, imatha maola 95 ikamatumiza maulendo 1,000, koma maola 17 okha ikamatumiza maulendo 8,000. Timagetsi tamitundumitundu tokongoletsera natonso timachotsako maola ena.

Wina angafunse chimene anthu amavutikira ndi liŵiro lotere pa chinthu chongoseŵerera. Yankho nlakuti kwa ena maseŵeroŵa adasanduka ntchito yodyera. Pa mpikisano wotchedwa The International umene udachitikira ku Bucharest m'dziko la Romania m'chaka cha 2021, mphotho zonse pamodzi zidapyola madola 40 miliyoni a ku America. Pa mpikisano wotere, mausi yochedwa pang'ono kapena yozima pakati pa seŵero ingathe kutayitsa munthu chuma chambiri. Nchifukwa chake kwa zaka zambiri akatswiri ankakana mamausi opanda waya, kufikira opanga adawakonza kuti asamachedwe poyerekeza ndi a waya.

Njira yoyamba yopatsira mausi mphamvu ndiyo ya batire lochotsa, longa lija limene anthu adazoloŵera m'matochi ndi m'mawailesi aang'ono, la msinkhu wa AA kapena AAA. Chitsanzo chodziŵika ndi mausi ya Logitech yotchedwa G305, imene idatuluka m'chaka cha 2018. Imayendera batire limodzi la AA, ndipo opanga ake amati limatha maola 250. Munthu woseŵera maola 3 tsiku lililonse angathe masiku 83 asanasinthe batire, ndiko kunena kuti pafupifupi miyezi itatu. Likatha, amatsegula kachivundikiro, naikamo lina, ndipo seŵero limapitirira pasanathe mphindi imodzi. Safunika kudikira tchaja, ndipo wokhala kumalo kumene magetsi amazimazima sadera nkhaŵa, pakuti mabatire otere amapezeka ngakhale m'magolosale aang'ono. Ubwino wake waukulu koposa ngwakuti batire silingaphe mausi. Chipangizocho chikhoza kukhala zaka zambiri malinga mabatani ndi kadiso kake zikadali bwino.

Komabe walira mvula walira matope. Batire wamba la AA limalemera magalamu 23 kapena kuyandikira pamenepo, ndipo G305 pamodzi ndi batire lake imafika magalamu 99. Kulemerako kumakhala kumbuyo kwa mausi, kotero kuti woinyamulanyamula amamva kuti ikupendekera mbali imodzi. Kwa mlembi wa muofesi zimenezi sizikhala kanthu, koma woseŵera amene dzanja lake limathamanga uku ndi uku kwa maola ambiri amatopa nazo. Ena amapeputsa katunduyu pogula batire la AA la lithiyamu losatchaja, lolemera magalamu 15, koma mtengo wake ngwokwera. Mamausi ena, monga Orochi V2 ya Razer ya m'chaka cha 2021, amalola mwiniwake kusankha pakati pa batire la AA ndi la AAA, limene ndi lopepukirapo koma limatha msanga. Palinso nkhani ya ndalama ndi zinyalala. Woseŵera uja wa maola 3 patsiku adzataya mabatire 22 pa zaka zisanu. Kuwonjezera apo, batire wamba likasiyidwa m'chipangizo nthaŵi yaitali limachucha madzi oyerera amene amadya tizitsulo togwira batirelo. Aliyense amene adatsegulapo tochi yoiŵalika m'kabati akuchidziŵa chimenechi.

Njira yachiŵiri ndiyo ya batire la lithiyamu lotchaja, lomangiriridwa m'kati mwa mausi. Mabatire a mtundu umenewu adayamba kugulitsidwa ndi kampani ya Sony ya ku Japan m'chaka cha 1991, ndipo m'chaka cha 2019 akatswiri atatu amene adatsegula njira yake, John Goodenough, Stanley Whittingham ndi Akira Yoshino, adalandira mphotho ya Nobel. Batire lotere limasunga mphamvu yambiri m'thupi laling'ono, ndipo opanga angathe kuliumba lophwatalala ndi kuliika pakati penipeni pa mausi kuti kulemera kugaŵikane bwino. Safunikanso kuikapo chivundikiro ndi tizitsulo togwira batire. Zotsatira zake zikuoneka m'ziŵerengero. G900 ya Logitech ya m'chaka cha 2016 inkalemera magalamu 107. G Pro Wireless ya 2018 idatsika kufika pa magalamu 80. G Pro X Superlight ya 2020 idafika pa magalamu 63, ndipo Viper V3 Pro ija imalemera magalamu 54. Ichi ndicho chifukwa chake akatswiri ambiri a mipikisano adasamukira ku mamausi otchaja. Batire likatsala pang'ono kutha, mwiniwake amalumikiza waya napitiriza kuseŵera uku likutchajika.

Pamenepa mpamene wogula ayenera kukumbukira mwambi uja wakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Batire la lithiyamu limakalamba. Akatswiri amati likatchajidwa modzaza ndi kuthetsedwa maulendo 300 mpaka 500, mphamvu imene limasunga imayamba kuchepa moonekera. Kuŵerengera kukusonyeza kuti kwa mausi chiŵerengero chimenechi sichoopsa kwenikweni. Mausi yotha maola 70, yogwiritsidwa ntchito maola 3 patsiku, imatchajidwa maulendo 16 okha pachaka, kotero kuti maulendo 300 sangakwane msanga. Mdani weniweni ndi zaka ndi kutentha, pakuti batireli limafooka pang'onopang'ono ngakhale likungokhala. Limafooka msanga koposa likamasiyidwa padzuŵa kapena m'galimoto lotentha, ndiponso likagona miyezi yambiri lopanda mphamvu mpang'ono pomwe. Pakapita zaka, mausi imene inkatha milungu itatu imayamba kupempha tchaja masiku oŵerengeka, ndipo nthaŵi zina batirelo limatupa.

Likafika pamenepo, mwiniwake amapeza kuti khomo nlotseka. Zomangira za mausi zimabisidwa pansi pa timapazi toterera timene timaonongeka pomatula, batirelo limakhala lomatidwa ndi guluu, ndipo lina lofanana nalo silipezeka m'sitolo wamba. Ambiri amangotaya chipangizo chonse, chikhalirecho kadiso, mabatani ndi zina zonse zili bwinobwino. Choncho mausi yodula imatayidwa chifukwa cha kachiŵalo kamodzi kotsika mtengo. Ena amaipulumutsa poisiya yolumikizidwa ku waya nthaŵi zonse, koma potero ndiye kuti ndalama zimene adalipirira kupanda waya zapita pachabe.

Opanga adayesapo njira zapakati. M'chaka cha 2005 Logitech idatulutsa G7, imene inkabwera ndi mabatire aŵiri a lithiyamu ochotseka: lina likamagwira ntchito, linzake linkakhala pa tchaja, ndipo kusinthanitsa kunkatenga kamphindi. Chovuta chidali chakuti mabatirewo adali a mausi yokhayo, kotero kuti adayamba kusoŵa pamene mausiyo idaleka kupangidwa. M'chaka cha 2010 padabwera G700, yoyendera batire la AA lotchaja, limene linkatchajika lili m'kati momwemo koma linkathekanso kuchotsedwa. M'chaka cha 2017 kampani yomweyo idatulutsa kamphasa kotchedwa Powerplay, kamene kamatchaja mausi popanda waya pamene ikuyenda pamwamba pake, ngakhale kuti kamphasako kamafuna waya wakewake ndiponso ndalama zina.

Njira yapakati yosavuta koposa ili m'manja mwa wogula yekha. Iye angathe kugula mausi ya batire lochotsa, nagulanso mabatire aŵiri otchaja a mtundu wa NiMH pamodzi ndi tchaja yake. Mabatire otere, monga a Eneloop amene kampani ya Sanyo idayamba kugulitsa m'chaka cha 2005, amatchajidwa maulendo mazanamazana ndipo amasunga mphamvu nthaŵi yaitali ngakhale asakugwira ntchito. Mulu uja wa mabatire 22 umasanduka mabatire aŵiri. Choyenera kudziŵa nchakuti iwo ngolemerapo pang'ono kuposa batire wamba, ndipo amapereka mavoti 1.2 m'malo mwa 1.5, kotero kuti chizindikiro chosonyeza mphamvu yotsala chingathe kunama.

Nkhaniyi idafikanso m'manja mwa opanga malamulo. M'chaka cha 2023 bungwe la maiko a ku Ulaya la European Union lidakhazikitsa lamulo la mabatire, limene lidaika tsiku la 18 Febuluwale 2027 kukhala poyambira pamene zipangizo zambiri zonyamula m'manja ziyenera kukhala ndi batire loti mwiniwake angathe kuchotsa ndi kusintha yekha ndi zida wamba. Bungwe lomweli lidalamulanso kuti kuyambira pa 28 Disembala 2024 zipangizo zatsopano zotchajira pa waya, kuphatikizapo mamausi, zikhale ndi potchajira pa mtundu umodzi wa USB-C. M'chaka cha 2023 chomwecho Logitech idagwirizana ndi kampani ya iFixit ya ku America kuti izigulitsa mabatire ndi ziŵalo zina za mamausi ena. Popeza opanga sakonda kupanga katundu wosiyana wa msika uliwonse, malamulo a ku Ulaya kaŵirikaŵiri amapindulitsanso ogula a kumaiko ena.

Tsono womvera amene akufuna kugula mausi yotere asankhe chiyani? Yankho lagona pa ntchito imene akuifunira. Wopikisana, amene galamu lililonse limamulemera m'dzanja, adzapindula ndi mausi ya batire la m'kati, malinga avomereze kuti tsiku lina batirelo lidzafooka. Woseŵera kunyumba pofuna kusangalala, wophunzira amene mausi yomweyo amalembera ntchito za kusukulu, ndi aliyense wofuna chipangizo chokhalitsa, adzapeza mtendere pa mausi ya batire lochotsa, makamaka akaphatikizapo mabatire otchaja.

Chisamaliro chake nchosavuta. Batire wamba lichotsedwe ngati mausi ikhala nthaŵi yaitali yosagwira ntchito, ndipo lisayesedwe kutchajidwa, pakuti lingachuche kapena kuphulika. Mausi ya batire la m'kati isungidwe pamalo ozizirira, ili ndi mphamvu yokwana theka, ndipo izitchajidwako pakapita miyezi ingapo. Batire lotupa lisabooledwe kapena kupsinjidwa, popeza lingayake moto, ndipo batire la mtundu uliwonse lisaponyedwe pamoto potentha zinyalala. Kuzimitsa timagetsi tokongoletsera ndi kuchepetsa maulendo otumizira uthenga pamene munthu sakuseŵera kumatalikitsa moyo wa batire lililonse.

Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Asanatulutse ndalama, wogula afunse wogulitsa mafunso atatu: mausiyi ikulemera magalamu angati, batire lake limatha maola angati, ndipo likadzafooka, lina lidzapezeka kuti ndipo adzaliikamo ndani. Mafunso aŵiri oyambawo mayankho ake amalembedwa pabokosi ndi zilembo zazikulu. Lachitatulo silimalembedwa kaŵirikaŵiri, koma ndilo lidzanene ngati chipangizocho chidzakhalabe patebulo pakadzatha zaka zisanu.