Zovuta zobwera ndi katemera wa Covid-19: zozolowereka ndi zofunika changu

Katemera wa Covid-19 anayamba kuperekedwa m'Malawi mu Malichi 2021, dziko litalandira katemera wa AstraZeneca wokwana 360,000 kudzera mu ndondomeko ya COVAX. Kenako kunabwera wa Johnson & Johnson ndi wa Pfizer. Mu Meyi chaka chomwecho, Unduna wa Zaumoyo unawotcha katemera woposa 19,000 yemwe masiku ake ogwira ntchito anali atatha, ndipo mantha anali chimodzi mwa zifukwa zomwe anthu ankazengerezera. Wazaumoyo amene amadziwa zovuta zomwe zimayembekezeka, nthawi yomwe zimayamba, ndi zomwe zili zoopsa, amachepetsa manthawo komanso amapulumutsa odwala ochepa omwe afunikadi thandizo.

Zovuta zozolowereka ndi kupweteka kapena kutupa pobayidwa, kufooka, mutu, kuphwanya m'thupi, kuzizidwa ndi kutentha thupi pang'ono. Ena amatuluka mwanabere m'khwapa la mkono womwe wabayidwa. Zimenezi zimabwera chifukwa chitetezo cha m'thupi chikuphunzira kuzindikira kachilomboka, n'chifukwa chake zimaoneka kwambiri mwa achinyamata kusiyana ndi okalamba. Kawirikawiri zimayamba tsiku lomwelo kapena mawa lake, n'kutha pa masiku awiri kapena atatu, ngakhale mwanabere amachedwerapo. Panado, kumwa madzi ndi kupuma n'zokwanira. Akatemera atatuwa alibe kachilombo koyambitsa Covid-19, choncho sangapatse munthu matendawa. Amene sanamve chilichonse nayenso watetezedwa.

M'dera la malungo, si bwino kuloza chala katemera pa kutentha thupi kulikonse. Thupi likatentha kwambiri, likapitirira masiku awiri, kapena likayamba kutentha patadutsa masiku angapo, wodwala ayezedwe malungo. Chifuwa, chimfine ndi kusamva fungo si zotsatira za katemera, zikufunika kufufuzidwa pazokha.

Zovuta zoopsa n'zosowa kwambiri, ndipo zitatu mwa izo zimadziwika ndi nthawi yake. Choyamba ndi anaphylaxis, pomwe thupi limadana mwadzidzidzi ndi mankhwala. Ku America kunapezeka anthu pafupifupi 5 pa jakisoni 1 miliyoni aliyense. Imayamba pa mphindi zochepa, n'chifukwa chake wobayidwa amadikira mphindi 15, kapena 30 ngati zoterezi zinamuchitikirapo. Zizindikiro zake ndi zidzolo zoyabwa, kutupa milomo ndi nkhope, kubanika, ndi mtima kugunda mothamanga koma mofooka. Wamkulu amabayidwa adrenaline 0.5 ml wa mphamvu ya 1:1000 m'mnofu wa kunja kwa ntchafu mosachedwa. Izi n'zosiyana ndi kukomoka chifukwa choopa singano, pomwe mtima umagunda pang'onopang'ono ndipo munthu amatsitsimuka akangomugoneka n'kumukweza miyendo.

Chachiwiri ndi kuundana kwa magazi komwe kumabwera pamodzi ndi kuchepa kwa mapulateleti. Vutoli linaoneka ndi katemera wa AstraZeneca ndi wa Johnson & Johnson, makamaka pakati pa tsiku la 4 ndi la 30. Ku America, pa wa Johnson & Johnson, linagwira anthu pafupifupi 4 pa 1 miliyoni. Mutu waukulu wosamva panado, kuona zinthu mwachimbuuzi, kupweteka kwambiri m'mimba, kutupa mwendo, kubanika kapena timadontho ta magazi pakhungu zikuyenera kutumizidwa kuchipatala chachikulu tsiku lomwelo. Kalata yotumizira itchule mtundu wa katemera ndi tsiku lomwe munthu anabayidwa, chifukwa zimenezi zimasintha mankhwala omwe dokotala angasankhe.

Chachitatu ndi kutupa kwa mnofu wa mtima, komwe kunaoneka ndi katemera wa Pfizer ndi wa Moderna, makamaka mwa anyamata ndi abambo osafika zaka 30, pasanathe sabata atabayidwa kachiwiri. Wodwala amamva kupweteka pachifuwa, kubanika kapena mtima kugunda modabwitsa. Ambiri amachira akathandizidwa, ndipo Covid-19 yeniyeniyo imayambitsanso vutoli.

Limodzi mwa mafunso omwe anthu ongodzipereka amakumana nawo m'midzi ndi la kubereka. Kafukufuku sanapeze kuti katemerayu amatseka mayi kapena bambo. Zomwe zinapezeka mu 2022 n'zakuti msambo umatha kuchedwa pang'ono, nthawi zambiri osakwana tsiku limodzi, kenako n'kubwerera mwakale. Mayi amene wadandaula za msambo asatsutsidwe, koma auzidwe zimenezi momveka. Bungwe la WHO limalimbikitsa katemerayu kwa amayi oyembekezera, okalamba, odwala shuga ndi omwe ali ndi HIV, chifukwa iwowa ndi amene Covid-19 imawadwalitsa kwambiri.

Vuto lililonse lalikulu kapena lachilendo lilembedwe pa fomu ya AEFI, ngakhale wazaumoyo asakutsimikiza kuti labwera ndi katemera. Fomuyo ikhale ndi dzina la katemera, nambala ya batchi, tsiku lobayira ndi nthawi yomwe zizindikiro zinayamba, ndipo ipite ku ofesi ya zaumoyo ya boma, kenako ku Unduna ndi bungwe la PMRA. Vuto la kuundana kwa magazi silinaoneke pa kafukufuku woyamba wa anthu masauzande. Linadziwika mu 2021 anthu mamiliyoni atabayidwa, kudzera m'malipoti ngati amenewa ochokera kwa ogwira ntchito m'zipatala.